Kutuluka m'dziko: zofunika pa boda ndi pa bwalo la ndeke

Chaka chilichonse ena mwa ife amapita ku Malawi, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa ku maliro, ku maukwati ndi ku misonkhano ya mpingo. Ife a ku Kasisi tili pafupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, komanso ndi msewu wa Great East wopita ku Chipata. Talemba izi kuti wina asabwezedwe atalipira kale tikiti.

Zofunika njira zonse ziwiri

Chachikulu ndi pasipoti. NRC ndi chitupa cha muno m'dziko, sichilowa m'malo mwa pasipoti. Maiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 isanathe ntchito, ndiponso masamba opanda chidindo. Mzambia wopita kukacheza ku maiko anayi tatchulawa safunika viza, koma amapatsidwa masiku owerengeka. Onani tsiku limene alemba pa chidindo, musalipyole. Mwana akhale ndi pasipoti yakeyake. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi, agogo kapena mtsogoleri wa kwaya, nyamulani satifiketi yake ya kubadwa ndi kalata yolumbirira ya makolo.

Pamsewu

Pa Chirundu kuyambira 2009, ndi pa Mwami kuyambira 2022, maofesi a maiko awiri amagwirira ntchito pamodzi, choncho mumaima kamodzi. Koma dziko lililonse limene mudutsamo limaona mapepala anu. Basi ya ku Johannesburg yodzera ku Zimbabwe imaima pa Chirundu ndi pa Beitbridge. Chiphaso cha pa boda chimene achibale athu a ku Chipata amagwiritsa ntchito ndi cha anthu okhala pafupi ndi malire, pa ulendo waufupi. Oyendetsa motoka yawo atenge white book, chilolezo cha apolisi a Interpol, inshuwalansi, ndi kalata ya mwini ngati motokayo ndi yobwereka.

Pa ndeke

Kuno oyamba kuona mapepala ndi a kampani ya ndeke, musanafike kwa a imigireshoni. Mukakanidwa kumene mukupita, kampaniyo ndi imene imakubwezani ndipo imalipitsidwa, choncho sachita chibwana. Chiphaso cha pa boda sichigwira ntchito. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti, ndipo angafunse tikiti yobwererera ndi adilesi ya kumene mukafikire.

Makadi awiri achikasu

Musawasokoneze. Yellow Card ya COMESA ndi inshuwalansi ya motoka, yogwira ntchito ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Kadi ina yachikasu ndi ya katemera wa yellow fever, imene amafunsa makamaka amene akupita kapena kuchokera ku maiko monga Congo.

Atsogoleri a magulu, sonkhanitsani mapasipoti a anthu anu ndi kuona masiku ake musanatolere ndalama za ulendo. Ambuye akuyendetseni bwino.