Chitupa, Wapolisi ndi Mnyamata Wakuda mu Mzinda wa Pretoria

Makolo athu amene anapita ku Joni, kaya pa Wenela kapena paulendo wa okha, anabwerako ndi nkhani zambiri, koma liwu lomwe ankalitchula mosaseka linali lakuti chitupa. Yemwe akufuna kumvetsa ubale wa apolisi ndi anyamata akuda mu Pretoria ayenera kuyambira pa kabukuka, chifukwa kwa zaka zambiri wapolisi ndi mnyamata ankakumanirana pa iko.

Lamulo la mu 1952 linakakamiza mwamuna aliyense wakuda wa zaka 16 kapena kuposerapo kuyenda ndi kabuku kosonyeza dzina lake, bwana wake, msonkho ndi chilolezo chokhalira m'tauni. Eni dziko ankakatcha dompas. Wopanda chilolezo sankaloledwa kupyola maola 72 mumzinda. Pamene boma linkasamutsa anthu ku Lady Selborne ndi ku Marabastad n'kuwaunjika ku Atteridgeville ndi ku Mamelodi, mnyamata wopita kukafuna ganyu m'tauni ankadziwa kuti angagone m'chitolokosi popanda kuba kapena kumenya munthu. Khungu lake linali lokwanira kumuimitsa, ndipo kabuku kamapereka mlandu. Pofika mu 1986, pamene malamulowa anathetsedwa, anthu mamiliyoni anali atamangidwapo chifukwa cha iwo.

Achinyamata atayamba kuukira ulamuliro wa tsankho, nkhanza zinafika pa kupha. Steve Biko anamwalira mu Pretoria pa 12 Seputembala 1977, apolisi atamunyamula ali maliseche ndiponso wovulala m'mutu kuchokera ku Port Elizabeth. Solomon Mahlangu wa ku Mamelodi ananyongedwa pa ndende ya Pretoria Central pa 6 Epulo 1979 ali ndi zaka 22. Pa 21 Novembala 1985 apolisi anawombera khamu lomwe linkadandaula za lendi ndi asilikali ku Mamelodi, ndipo anthu 13 anafa.

Nkhani yomwe inawononga chikhulupiriro kotheratu ndi ya mu Juni 1986. Joe Mamasela, munthu wakuda wogwirira ntchito apolisi achinsinsi, ananyenga anyamata khumi a ku Mamelodi kuti akuwaperekeza ku Botswana kukaphunzira zankhondo. Pafupi ndi Nietverdiend anawabaya mankhwala ogonetsa ndi kuwawotchera mu minibasi. Makolo awo anadikira zaka khumi, akuyesa kuti ana ali kunja, mpaka apolisiwo anaulula popempha chikhululukiro ku bungwe la Truth and Reconciliation Commission. Phunziro lomwe mnyamata wa m'komboni anatolapo linali lowawa: ngakhale wokulankhula m'chinenero cha amayi ako angakhale msampha.

Ufulu wa mu 1994 unasintha zambiri. Lamulo la mu 1995 linakhazikitsa South African Police Service, ndipo kunabadwa bungwe lofufuza milandu ya apolisi, lomwe kuyambira mu 2012 limatchedwa IPID. Komabe funso lakuti “mapepala ako ali kuti?” silinafe, linangopeza munthu wina wofunsidwa, yemwe ndi mlendo wochokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zimbabwe. Mabungwe omenyera ufulu wachibadwidwe analemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti apolisi ankazindikira mlendo poona kuda kwa khungu, chipsera cha katemera pamkono ndi katchulidwe ka mawu. Ena ankafunsidwa liwu la Chizulu lotanthauza chigongono, indololwane, ndipo wophonya ankalowera ku Lindela kukadikira kubwezedwa kwawo. Apa lilime lenilenilo lasanduka chitupa, chimene munthu sangachisiye kunyumba kapena kuchikonzetsa ku ofesi.

Mu Febuluwale 2013 apolisi a ku Daveyton, kum'mawa kwa Johannesburg, anamangirira Mido Macia, dalaivala wa takisi wa ku Mozambique, kumbuyo kwa galimoto lawo n'kumukhwekhwereza pamsewu, ndipo anafera m'chitolokosi. Mu 2015 bwalo lalikulu la milandu la mu Pretoria linalamula kuti apolisi asanu ndi atatu akakhale kundende zaka 15 aliyense. Mumzinda womwe unanyonga Mahlangu, chigamulo chotere n'chachikulu. Koma tisaiwale kuti chinatheka chifukwa munthu wina anajambula zochitikazo pa foni.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mdzukulu wa munthu yemwe ankathawira dompas lero angathe kuvala yunifolomu ndi kuimitsa mnyamata wa ku Mangochi pa Marabastad. Zimene adzachite pa mphindi imeneyo n'zimene zidzaonetse ngati chitupa chinathadi mu 1986.