Kuchoka mu labotale kukafika pamsika: mawu ofunika pa maphunziro a bizinesi kwa asayansi

Maphunziro a bizinesi omwe amaperekedwa kwa ophunzira a sayansi ndi uinjiniya m'mayunivesite amayambira pa kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amaziphatikiza: kutulukira chinthu chatsopano, ndi kuchifikitsa m'manja mwa anthu oti azichigwiritsa ntchito. Choyambacho akatswiri amachitcha invention, chachiwiricho innovation. Joseph Schumpeter, katswiri wa zachuma wa ku Austria, ndiye anatsindika kusiyanaku m'buku lake la mu 1911. Kwa iye, chotulukiridwa chomwe changogona m'kope la wofufuza sichisuntha chuma cha dziko mpaka wina atachipanga, kuchigulitsa, n'kusintha nacho momwe anthu amagwirira ntchito. Munthu wochita zimenezi ndiye entrepreneur. Amasiyana ndi wa geni wamba chifukwa wa geni amagulitsa katundu yemwe mtengo wake ndi ogula ake ndi odziwika kale, pomwe uyu amayamba asanadziwe ngati pali munthu yemwe angatulutse ndalama pa chinthu chakecho.

Mtunda wapakati pa kutulukira ndi kugulitsa uli ndi muyeso wake. Bungwe la NASA ku America linakonza makwerero owonetsa kukhwima kwa luso, omwe lero ali ndi masitepe 9 ndipo amadziwika ndi zilembo za TRL. Masitepe atatu oyamba ndi a lingaliro ndi umboni woti mfundo yake ikugwira mu labotale. Kuyambira pa 4 kufika pa 6 pamakhala prototype, chipangizo choyeserera chomwe chimagwira ntchito koma sichinafike poti n'kupangidwa chambiri. Masitepe omaliza ndi pamene chipangizocho chayesedwa kumalo ake enieni, ndi anthu ake enieni, chapirira fumbi, kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi. Kafukufuku wa m'mayunivesite nthawi zambiri amathera cha pa 3 kapena 4, poti apo wofufuza wapeza kale zoti alembe. Makampani nawo safuna kuika ndalama pa chinthu chomwe chili kutali ndi msika. Mpata wotsalawo umatchedwa chigwa cha imfa, ndipo m'menemo ndi momwe maluso ambiri abwino amathera.

Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, ndi chitsanzo cha chipangizo chomwe chinawoloka chigwachi. Anayamba ngati ntchito ya ophunzira a Rice University ku Texas, omwe anagwiritsa ntchito timapampu topemerera mpweya m'mathanki owetera nsomba m'nyumba. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: mpweya umalowa m'mphuno mwa khanda, ndipo kapaipi kena kamamizidwa m'botolo la madzi kuti mphamvu ya mpweyawo isatsike, mapapo asafwafwate. Makinawa anayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti ana 71 mwa 100 alionse othandizidwa ndi makinawa anakhala ndi moyo, poyerekeza ndi 44 mwa omwe anangolandira okosijeni. Komatu umboni umenewu sunali mapeto. Panafunikabe kampani yopanga makinawo mochuluka, chilolezo cha oyang'anira zipangizo zachipatala, anamwino ophunzitsidwa, ndi amisiri okonza akawonongeka. Zonsezi si sayansi ya mu labotale, koma popanda izo chipangizocho chikanangokhala pashelefu.

Gulu lachiwiri la mawu limakhudza umwini. Patenti ndi chikalata chomwe boma limapereka kwa wotulukira, chomupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthu chakecho kawirikawiri kwa zaka 20 kuchokera tsiku lomwe anapempha. Posinthana ndi mphamvuyo, iye amayenera kufotokoza poyera momwe chinthucho chimagwirira ntchito. Kuti patenti iperekedwe, chinthucho chikhale chatsopano, chisakhale choti katswiri aliyense wa ntchitoyo akanachiganiza mosavuta, ndipo chikhale chotheka kupangidwa. Mfundo yoyambayo ndiyo imakola asayansi ambiri. M'mayiko ochuluka, wofufuza akafalitsa zomwe wapeza m'magazini ya akatswiri, kapena kuzifotokoza pamsonkhano asanapemphe patenti, ndiye kuti chinthucho sichilinso chatsopano pamaso pa lamulo. Apa mwambo wa yunivesite, womwe umakweza munthu pantchito chifukwa cha zomwe wasindikiza, umawombana ndi zofuna za msika. Kwa Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, pempho limodzi lopita ku bungwe loona za mapatenti la ARIPO ku Harare likhoza kuteteza chinthu m'mayiko angapo nthawi imodzi, malinga ndi pangano la mu 1982.

Nanga chotulukiridwa ndi cha yani, wophunzira, mphunzitsi wake, yunivesite, kapena yemwe anapereka ndalama za kafukufuku? Ku America funsoli linayankhidwa ndi lamulo la Bayh-Dole la mu 1980, lomwe linalola mayunivesite kukhala eni a zotulukiridwa ndi ndalama za boma. Zitatero maofesi osamutsa maluso anachuluka m'mayunivesite. Ntchito yawo ndi kupempha mapatenti n'kupeza njira yowagulitsira, ndipo njirazo ndi ziwiri. Yoyamba ndi layisensi: kampani yomwe ilipo kale imaloledwa kugwiritsa ntchito lusolo n'kumalipira kagawo ka zomwe yagulitsa. Patenti ya Stanley Cohen ndi Herbert Boyer yokhudza kulumikiza majini inabweretsera yunivesite ya Stanford ndi University of California ndalama zoposa madola 250 miliyoni mwa njira imeneyi. Yachiwiri ndi spin-off, kampani yatsopano yoyambitsidwa ndi ofufuza eni ake, monga momwe Google inatulukira ku Stanford mu 1998. Zitsanzo ziwirizi zimatchulidwa kawirikawiri moti zimapusitsa. Maofesi ambiri osamutsa maluso, ngakhale ku America komweko, sapeza ndalama zokwanira kulipira ntchito yawo.

Kaphunzitsidwe ka bizinesi nako kasintha kwambiri. Kale wophunzira ankauzidwa kulemba pulani ya bizinesi ya masamba ambiri, yolosera phindu la zaka zisanu pa chinthu chomwe palibe anachigulapo. Steve Blank, yemwe anayambitsapo makampani angapo asanayambe kuphunzitsa, anati manambala oterowo ndi ongoganizira, ndipo ayenera kuyesedwa monga momwe wasayansi amayesera lingaliro lililonse. Njira yake inatengedwa ndi bungwe la National Science Foundation ku America mu 2011 m'pulogalamu ya I-Corps, momwe kagulu ka ofufuza kamayenera kucheza ndi anthu osachepera 100 omwe angadzakhale makasitomala, m'milungu 7 yokha. M'malo mwa pulani yaitali amagwiritsa ntchito pepala limodzi la mabokosi 9 lomwe anakonza Alexander Osterwalder, losonyeza ogula, phindu lomwe adzapeze, njira yowafikira, ndalama zotuluka ndi zolowa. Pamabweranso mawu awiri: MVP, kachinthu kochepetsetsa kokwanira kuyesera ngati anthu akuchifunadi, ndi pivot, kutembenuka pamene mayankho a anthu atsutsa zomwe kaguluko kankakhulupirira. Phunziro lomwe limavuta mainjiniya kwambiri ndi lakuti wogwiritsa ntchito chinthu si nthawi zonse amakhala wochilipira. Pa makina a m'chipinda cha makanda, wothandizidwa ndi mwana, woyendetsa ndi namwino, koma wosaina cheke ndi unduna wa zaumoyo kapena bungwe lothandiza, ndipo aliyense ali ndi zomwe amayang'ana.

Malo osulira makampani ang'onoang'ono ali mitundu iwiri. Incubator imapereka chipinda, zida ndi uphungu kwa nthawi yaitali, ngati nkhuku yofungatira mazira. Accelerator, monga Y Combinator yomwe inayamba mu 2005, imatenga magulu kwa miyezi yochepa, n'kuwapatsa ndalama posinthana ndi masheya.

Ndalama zoyambira nazo zili m'magulu atatu, ndipo wophunzira wosazisiyanitsa amalira pambuyo. Thandizo la giranti silibwezedwa, koma limabwera ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ndi malipoti. Ngongole imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, kaya bizinesi yayenda kaya yagwa, ndipo mabanki amafuna chikole chomwe womaliza kumene sukulu sakhala nacho. Njira yachitatu ndi kugulitsa masheya: woika ndalama amakhala mwini wa gawo la kampani ndipo amataya zonse ikagwa. Nthawi iliyonse kampani ikagulitsa masheya atsopano, gawo la oyambitsa limachepa. Mwachitsanzo, anthu awiri omwe anagawana kampani pakati, akapereka magawo 20 mwa 100 kwa woika ndalama, aliyense amatsala ndi 40. Akadzaperekanso 20 ena paulendo wachiwiri, aliyense amatsala ndi 32, ndipo mawu awo pa ziganizo za kampaniyo amachepa chimodzimodzi.