Ultima ndi Wizardry: Mkangano wa Zaka Zoposa 40 ndi Phunziro Lake pa Chiyankhulo

M'chaka cha 1981 ku America kunatuluka masewera awiri a pakompyuta amene mpaka lero amagawanitsa okonda masewera a mtundu wotchedwa RPG. Awa ndi masewera amene wosewera amavala umunthu wa munthu wina, monga amachitira ana pa masanje pamene uyu akhala bambo, uyo mayi, winayo fisi. Oyamba anali Ultima, opangidwa ndi Richard Garriott wa ku Texas. Achiwiri anali Wizardry, opangidwa ndi Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead, amene anakumana pa yunivesite ya Cornell. Onse awiri ankaseweredwa pa kompyuta ya Apple II. Kuyambira nthawi imeneyo funso lakhala lomwelo: opambana ndi ati? Nkhani ino ikuonetsa kuti mkanganowu sungamveke bwino popanda kuunika momwe masewera awiriwa anagwiritsira ntchito mawu.

Gwero la onse awiri ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. M'masewera amenewa munali zinthu ziwiri. Choyamba chinali masamu: mphamvu za munthu aliyense zinkalembedwa m'manambala, ndipo nkhondo inkaweruzidwa poponya madayisi. Chachiwiri chinali nthano: mmodzi mwa osewera ankasimba nkhani, enawo namamuyankha, kumufunsa ndi kumutsutsa. Kompyuta ya nthawi imeneyo inali yochepa mphamvu kwambiri moti sikanatha kunyamula zonse ziwiri mokwanira. Opanga masewera anayenera kusankha chonyamula ndi chosiya.

Greenberg ndi Woodhead anasankha masamu. Iwo ankadziwa masewera a pa makina a PLATO a ku yunivesite ya Illinois, monga Oubliette a mu 1977, ndipo anatengerako zambiri. Mu Wizardry, amene anafalitsidwa ndi kampani ya Sir-Tech, wosewera amasonkhanitsa gulu la anthu osapitirira 6 n'kulowa nalo m'phanga la nsanjika 10 zopita pansi. Pagalasi pamaoneka mizere yoimira makoma basi. Mapu sapatsidwa, choncho osewera ankajambula okha papepala, phazi lililonse kabokosi kake. Imfa nayo inali yowawa. Mtembo unkatengeredwa kukachisi kuti ukadzutsidwe pa malipiro, ndipo mwambowo ukalephereka unkasanduka phulusa. Nkhani yake inali yaifupi: mfiti yotchedwa Werdna yaba chithumwa cha mfumu Trebor. Mayinawa ndi Andrew ndi Robert owerengedwa chobwerera.

Komabe wophunzira chiyankhulo amapezamo chomukopa. Kuti achite matsenga, wosewera ankalemba dzina la tsengalo, ndipo mayinawo anamangidwa ndi timagawo tokhala ndi tanthauzo. HALITO ndi moto waung'ono, MAHALITO ndi moto waukulu. DIOS amachiza, BADIOS amavulaza. DI amadzutsa wakufa, BADI amapha. Mphatikiram'mbuyo MA- amakulitsa, pamene BA- amatembenuza tanthauzo. Woyankhula Chichewa sangadabwe nazo, pakuti iye amasiyanitsa nyumba ndi chinyumba, kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula. Chofunika kuona apa n'chakuti mawuwa sanali a Chingerezi kapena a mtundu uliwonse wa anthu. Aliyense ankawaphunzira kuyambira pachiyambi, Mngerezi ndi Mjapani mofanana.

Garriott anayenda njira ina. Ali mnyamata wa zaka zosakwana 20 analemba Akalabeth mu 1979, ndipo Ultima anakula kuchokera pamenepo. M'malo mwa phanga limodzi, iye anapereka dziko lathunthu looneka kuchokera kumwamba, lokhala ndi midzi, nyumba zachifumu, mapiri ndi nyanja. M'masewera atatu oyambirira a Ultima cholinga chinali chakale chija, kupha mdani wamkulu, ndipo wosewera ankatha kuba ndi kupha anthu osalakwa n'kupambanabe. Atakhazikitsa kampani ya Origin Systems pamodzi ndi abale ake mu 1983, Garriott anayamba kulandira yekha makalata a osewera ndi a makolo, ndipo anaona kuti masewera ake ankapereka mphotho kwa wakuba.

Yankho lake linali Ultima IV: Quest of the Avatar, amene anatuluka mu 1985. Umu mulibe mdani wamkulu woti aphedwe. Wosewera amapambana pokhwima m'makhalidwe 8: kunena zoona, chifundo, kulimba mtima, chilungamo, kudzipereka, ulemu, uzimu ndi kudzichepetsa. Kompyuta imawerengera zochita zake mwakachetechete. Wogulitsa mankhwala ndi wakhungu, ndipo wosewera atha kumulipira mopereweza, koma akatero mbiri yake ya kuona mtima imatsika. Kuthawa nkhondo kumachepetsa kulimba mtima, kupatsa wopemphapempha kumawonjezera chifundo. Chachikulu koposa, chidziwitso chonse chofunika chili m'kamwa mwa anthu a m'midzi. Wosewera amalemba liwu la Chingerezi monga name kapena job, munthuyo amayankha, ndipo m'yankhomo mumabisala liwu lina loyenera kufunsidwa. Wosamvetsera safika patali. Mu Ultima VI, a mu 1990, Garriott anapitirira: zilombo zimene wosewera amayamba kuzipha zimapezeka kuti ndi mtundu wokhala ndi chiyankhulo, zolemba ndi chipembedzo chawo, ndipo kwa izo ngwazi ija ndiye mdani wowononga dziko lawo. Owerenga amene anaphunzira mbiri ya atsamunda sangasowe chonena pa nkhani yotereyi.

Ochemerera Wizardry amanena kuti masewera amayesedwa ndi malamulo ake. Kwa iwo kukoma kuli m'kuwerengera: kulowa mpaka pati, kubwerera liti, kusunga matsenga angati. Amati chikhalidwe chimene kompyuta imawerenga m'manambala n'chachinyengo, pakuti wosewera amapatsa wosauka pofuna mphotho basi. Ochemerera Ultima amayankha kuti phanga la Wizardry ndi msampha wopanda anthu, ndipo kuti masewera osafunsa chifukwa chophera ndi masamu ovala chigoba. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Mbiri inaweruza mlanduwu mwa njira yosayembekezeka, ndipo bwalo lake linali ku Japan. Wizardry anamasuliridwa m'Chijapani mu 1985 ndipo anakondedwa kwambiri. Yuji Horii, amene ankadziwa masewera onse awiri, anatenga mapu ooneka kuchokera kumwamba a Ultima ndi kamenyedwe ka nkhondo ka Wizardry n'kupanga Dragon Quest mu 1986. Final Fantasy anatsatira mu 1987. Ku America, Wizardry 8 a mu 2001 ndiwo anali omaliza a Sir-Tech, koma ku Japan makampani anapitiriza kutulutsa masewera atsopano a dzinali, ndipo mu 2020 kampani ya ku Japan ya Drecom inagula umwini wake. Ultima nawo anafika ku Japan, koma pamene Ultima IV anasamutsidwira pa makina a Nintendo, opanda mabatani a zilembo, zokambirana zija zinafupikitsidwa kwambiri. Kampani ya Electronic Arts inagula Origin mu 1992, ndipo mndandanda waukulu wa Ultima unathera pa Ultima IX mu 1999, ngakhale kuti Ultima Online a mu 1997 anatsegula njira ya masewera a anthu ambiri pa intaneti.

Kusiyanaku kumafanana ndi kwa bawo ndi nthano. Masewera a maenje ndi njere amapezeka m'mayiko ambiri: bawo ku Malawi, nsolo ku Zambia, tsoro ku Zimbabwe, bao ku Tanzania. Malamulo amasiyanako, koma mlendo amawagwira pongoonerera, chifukwa njere siyankhula chiyankhulo cha munthu aliyense. Nthano ndi ina. Imafuna womvera wodziwa mawu, woyankha kuti “tili tonse” pamalo pake. Wizardry anawoloka nyanja ngati bawo. Ultima IV anali nthano, ndipo nthano ikawoloka popanda womasulira waluso imafika itawonda.

Choncho ngati muyeso ndi kufalikira ndi kubala ana, Wizardry ndiwo anapambana. Ngati muyeso ndi umene umagwiritsidwa ntchito poyesa zolembalemba, ndiko kuti kufunsa munthu za umunthu wake, Ultima IV alibe mnzake pa masewera a zaka za m'ma 1980. Nkhani ino ikutsamira ku Ultima IV, chifukwa ndiwo anabwezera pakompyuta theka lija la Dungeons & Dragons limene linatsala patebulo.

Chigamulochi chili ndi mtengo wake kwa oyankhula ziyankhulo za mu Africa. Masewera onse atchulidwa pano sanatulutsidwe m'Chichewa kapena m'Chishona. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anavomereza ziyankhulo 16, Chichewa chili m'gulumo, ndipo m'matauni monga Chitungwiza muli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito ku Salisbury. Mwana wa ku Unit A wa m'banja lotere atha kusewera masewera a mtundu wa Wizardry popanda vuto, pakuti manambala ndi a aliyense. Koma masewera a mtundu wa Ultima IV, ofunsa za chifundo ndi chilungamo, amamufikira m'Chingerezi, pamene agogo ake anamuphunzitsa zomwezo m'miyambi ya Chichewa. Garriott analemba Akalabeth ali yekha, pa kompyuta yofooka kuposa foni ya m'manja yotchipa ya lero. Chimene chinakweza Ultima IV chinali mndandanda wa mawu osankhidwa bwino ndi mayankho ake, ndipo ntchito yotereyi ndi ya alembi ndi akatswiri a chiyankhulo. Madipatimenti a ziyankhulo za mu Africa ali nawo anthu oterowo.