Francis Kéré, Katswiri wa Zomangamanga Amene Anayambira pa Sukulu ya Dothi

Pa 15 March caka ca 2022, bungwe lopereka mphoto ya Pritzker linalengeza kuti wopambana wa caka cimeneco ndi Bambo Diébédo Francis Kéré, mbadwa ya dziko la Burkina Faso kumadzulo kwa Africa. Mphotoyi inayamba kuperekedwa mu 1979, ndipo ndiyo imalemekezedwa koposa pakati pa akatswiri olemba mapulani a nyumba pa dziko lonse lapansi. Wopambana amalandira mendulo pamodzi ndi ndalama zokwana madola 100,000 a ku America. Kwa zaka zoposa 40 panalibe munthu wa mu Africa amene anailandirapo kufikira tsikulo. Nchito imene inachukitsa Bambo Kéré si nyumba yaitali ya magalasi mu mzinda waukulu, koma sukulu ya pulaimale ya zipinda zitatu, yomangidwa ndi dothi, m'mudzi umene pa nthawiyo unalibe magetsi ngakhale madzi a m'mipope.

Ubwana wao ku Gando

Bambo Kéré anabadwa mu 1965 m'mudzi wa Gando, m'cigawo ca Boulgou, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kucokera ku Ouagadougou, likulu la dzikolo. Masiku amenewo dzikolo linali kuchedwa Upper Volta. Dzina lakuti Burkina Faso linadza mu 1984 mu ulamuliro wa Thomas Sankara. Atate ao anali mfumu ya mudziwo, ndipo anafuna kuti pakhomo pakhale mwana wodziwa kuwerenga ndi kulemba makalata. Popeza ku Gando kunalibe sukulu, mwanayo anacoka pa makolo ali ndi zaka 7 kukaphunzira m'tauni ya Tenkodogo. Ndiye anali woyamba m'mudzimo kulowa m'kalasi.

Cipinda cimene anaphunziramo cinali ca mabuloko a simenti, camdima, cosalowa mphepo, ndipo munali kudzaza ana oposa 100. Burkina Faso ndi dziko lotentha kwambiri, moti m'nyengo ya dzuwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Bambo Kéré akhala akufotokoza m'malo ambiri kuti maganizo ofuna kumanga sukulu zabwino anayambira m'cipinda cimeneco. Amasimbanso kuti chuthi cikatha, iwo anali kuyenda khomo ndi khomo kutsazika, ndipo amai a m'mudzimo anali kumasula pa mfundo ya nsalu zao ndi kuwapatsa kandalama. Atafunsa mai ao cifukwa cace, anauzidwa kuti anthuwo akusonkhera maphunziro ao ndi ciyembekezo cakuti tsiku lina adzabwerera kudzathandiza mudzi.

Mu 1985 anapeza thandizo lokaphunzira ukalipentala ku Germany. Ku Berlin, masana anali kuphunzira kukhoma madenga ndi mipando, madzulo namalowa m'kalasi kutsiriza maphunziro a sekondale. Mu 1995 analowa pa yunivesite ya Technische Universität Berlin, kumene anatsiriza maphunziro a zomangamanga mu 2004. Apa nkuti ali ndi zaka 39, msinkhu umene anzao ambiri a nchito imeneyi amakhala atatsegula kale maofesi ao.

Sukulu yoyamba

Bambo Kéré sanadikire digiri. Mu 1998, akali mwana wa sukulu, anakhazikitsa bungwe lochedwa Schulbausteine für Gando, dzina la Cijeremani lotanthauza njerwa za sukulu ya ku Gando, nayamba kusonkhetsa ndalama pakati pa anzao ndi anthu ena akufuna kwabwino. Bungweli ndilo linasanduka Kéré Foundation. Sukuluyo inatha kumangidwa mu 2001.

Nkhani yakuti mwana wao wabwera ndi ndalama zomangira sukulu inakondweretsa anthu a ku Gando, koma atamva kuti adzamanga ndi dothi anakhumudwa. Kwa iwo dothi cinali comangira ca amphawi, cimene cimakokoloka mvula ikagwa, nicifuna kumatidwanso caka ndi caka. Sukulu yeniyeni, m'maganizo ao, inayenera kukhala ya simenti ndi malata monga za m'tauni. Sanali olakwa kotheratu, pakuti zipupa za dothi zimene anali kuzidziwa zinalidi kugwa. Mwana wa mfumu uja sanawatsutse ndi mau okha. Anaumba njerwa ya dongo losakaniza ndi simenti pang'ono, yotsinderedwa mwamphamvu ndi makina a pamanja, naiviika mu ndowa ya madzi kwa masiku angapo. Poivuula inali ikali yolimba.

Cinsinsi ca nyumbayo cili pa zinthu zoti mmisiri aliyense wa kumudzi angazimvetse. Maziko ndi a miyala, okwezedwa kuti madzi oyenda pansi asafike pa njerwa. Zipupa ndi zocindikala, za njerwa zadothi zosaocha, zimene zimamwa kutentha pang'onopang'ono masana, nizikutulutsa usiku ana atapita kwao. Pamwamba pa kalasi pali siling'i ya njerwa zadothi yokhala ndi mipata. Denga la malata silinagone pa zipupa monga timaonera pa sukulu zambiri, koma linakwezedwa m'mwamba pa zitsulo, kusiya mpata waukulu pakati pa ilo ndi siling'i. Mpweya wozizirirapo umalowera pa mazenera, wotentha umakwera ndi kutulukira m'mipata ya siling'i, ndipo mphepo yodutsa pansi pa malata imaunyamula. Motero malata angatenthe cotani, moto wace sufika pa mitu ya ana. Dengalo linatambalalanso kupitirira zipupa mbali zonse, kuti licinjirize njerwa ku mvula ndi kupereka mthunzi. Pakati pa zipinda zitatuzo anasiya malo ofoleredwa opanda zipupa, momwe ana amasewera kapena kuphunzira panja.

Ku Gando kunalibe makina onyamulira zitsulo zolemera, ndipo kuwabweretsa kukanadya ndalama zonse. Cotero mitanda ya denga inapangidwa ndi zitsulo wamba, zija amaika m'kati mwa konkire, zodulidwa ndi sowo ya pamanja ndi kuwocherera pamalo pomwepo. Anthu a m'mudzi anatola miyala ya maziko, amai anatunga madzi oumbira njerwa, ndiponso ndiwo anatsindira dothi la pansi ndi kulikhula ndi miyala kufikira litasalala, luso limene anali nalo kale asanamve za yunivesite iliyonse. Anyamata anaphunzira kuumba njerwa, kumanga ndi kuwocherera, ndipo ena mwa iwo anadzapeza nchito pa zomanga zina za Bambo Kéré m'dzikomo. Pamenepa ndi pamene nchito yao imasiyana ndi ya makontilakita obwera ndi anthu ao, amene akatsiriza amacoka ndi nzeru zonse m'galimoto.

Mu 2004 sukuluyi inalandira mphoto ya Aga Khan Award for Architecture, ndipo caka cotsatira Bambo Kéré anatsegula ofesi yao, Kéré Architecture, mu mzinda wa Berlin. Ciwerengero ca ana pa sukuluyo cinakwera kucokera pa 120 kufika pa 700. Kunamangidwa nyumba za aphunzitsi mu 2004, cifukwa mphunzitsi wopanda pogona pabwino sakhalitsa kumudzi, ndipo zipinda zina zinaonjezedwa mu 2008. Pa nyumba yosungiramo mabuku anacita cinthu cimene ambiri amacikumbukira: amai anabweretsa miphika yadothi, imene inadulidwa kukamwa ndi kunsi, niikidwa mu siling'i kuti ikhale timabowo tolowetsa kuwala ndi kutulutsa mpweya wotentha.

Amene anayenda njirayi

Kumanga ndi dothi mwa nzeru zamakono sikunayambe ndi Bambo Kéré. Katswiri wa ku Egypt, Hassan Fathy, anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor m'zaka za m'ma 1940 ndi njerwa zadothi, nalemba za nchitoyo m'buku lace lochuka lochedwa Architecture for the Poor. Nyumbazo zinali zokongola ndi zozizira, koma anthu ambiri amene boma linafuna kuwasamutsirako anakana kucoka pamalo pao, ndipo mudziwo sunathe kumangidwa monga unalinganizidwira. Ku New Gourna lamulo linacokera kumwamba; ku Gando womanga anali mwana wa pakhomo, ndipo eni mudzi anakhetsa thukuta lao pa cipupa ciliconse. Ku Bangladesh nako, katswiri wa ku Germany, Mai Anna Heringer, pamodzi ndi Bambo Eike Roswag, anamanga sukulu ya METI m'mudzi wa Rudrapur ndi dothi ndi nsungwi, mogwirizana ndi amisiri a komweko, ndipo inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2007.

Nchito zina

Bambo Kéré sanamamatire pa njerwa ya mtundu umodzi. Pa sekondale ya Lycée Schorge mu mzinda wa Koudougou, imene inatha mu 2016, anagwiritsa nchito mwala wofiira wopezeka m'deralo, umene umakhala wofewa pokumba koma umalimba ukakhala pa mphepo. Zipinda zisanu ndi zinai zinazungulira bwalo la pakati, ndipo kunja kwace anaimika mitengo ya bulugamu yochinga dzuwa ndi fumbi. Pafupi pomwepo, pa Burkina Institute of Technology, yomwe inatha kumangidwa mu 2020, zipupa zinapangidwa pothira dongo losakaniza ndi simenti m'zikombole zazikulu, njira yofulumira kuposa kuyala njerwa imodziimodzi. Ku Turkana m'dziko la Kenya, pa sukulu ya makompyuta ya Startup Lions Campus ya mu 2021, anamanga nsanja zotulutsa mpweya wotentha potengera culu ca ciswe. Makompyuta nawonso, monga ana a sukulu, sagwira bwino nchito pa malo otentha ndi afumbi.

Nchito yao imene ili pafupi kwambiri ndi kuno kwathu ndi sukulu ya Benga Riverside ku Tete m'dziko la Mozambique, pafupi ndi pamene mtsinje wa Revúboè umathira mu Zambezi. Inatha mu 2018. Zipupa zace zili ndi timipata tambiri tolowetsa kuwala ndi mphepo, cinthu cofunika kwambiri ku Tete, kumene aliyense amene anadutsako ndi galimoto amadziwa ukali wa dzuwa lace.

Kunja kwa sukulu, anakonza nyumba za m'paki ya National Park of Mali ku Bamako mu 2010, nagwiranso nchito ndi katswiri wa zisudzo wa ku Germany, malemu Christoph Schlingensief, pa mudzi wa zaluso wa Opera Village ku Laongo, kumene coyamba kutsegulidwa cinali sukulu. Mu 2017 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupatsidwa nchito yomanga Serpentine Pavilion ku London, kanyumba kamene kamamangidwa caka ciliconse ndi katswiri wosankhidwa. Anakapanga mofanana ndi mtengo waukulu wa pabwalo la mudzi, pamene anthu amasonkhana kukamba milandu. Caka comweco anakhala pulofesa pa Technische Universität München, ndipo aphunzitsaponso pa mayunivesite a Harvard ndi Yale ku America. Mu 2023 analandira mphoto ya Praemium Imperiale ya ku Japan.

Zoyenera kusamala

Nkosavuta kuona zithunzi za ku Gando ndi kuganiza kuti dothi lililonse lingamange sukulu. Sizili conco. Dothi la mcenga wambiri silimata, ndipo la dongo lokhalokha limang'aluka likauma, motero liyenera kuyesedwa nchito isanayambe. Njerwa yosatsinderedwa bwino, kapena youmitsidwa mofulumira, imafumbutuka. Cipupa cadothi copanda maziko okwera ndi denga lotambalala sicipirira dzinja zambiri. Denga lokwezedwa nalo limafuna mmisiri wodziwa kulimangirira, cifukwa mphepo yamkuntho ikalowa pansi pace ingalinyamule. Njirayi imafunanso manja ambiri ndi nthawi, zinthu zimene zimapezeka pokhapo eni mudzi akaona sukuluyo ngati yao.

Komabe funso limene Bambo Kéré anadzifunsa ku Tenkodogo silacilendo kwa makolo ndi aphunzitsi a m'Zambia. Kuyambira mu January 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana anaculuka m'makalasi, ndipo zipinda zatsopano zakhala zikumangidwa m'madera ambiri. Pokamba za zipindazi timakonda kuwerenga kuculuka kwace ndi mtengo wace. Kamodzikamodzi ndi pamene wina amafunsa kuti m'katimo mudzatentha bwanji masana a mwezi wa October m'cigwa ca Luangwa, mphunzitsi akulimbana ndi ana oodzera pansi pa malata. Palinso nkhani ya nkhuni, pakuti uvuni uliwonse wa njerwa zoocha umadya mitengo, pamene njerwa yotsindira imauma yokha pa mthunzi.

Kwao ku Burkina Faso zinthu sizinayende bwino m'zaka zapitazi. Nyumba ya malamulo ku Ouagadougou inatenthedwa pa cipolowe ca mu 2014 cimene cinacotsa Blaise Compaoré pa mpando. Bambo Kéré analemba pulani ya nyumba yatsopano yooneka ngati phiri la masitepe, loti anthu wamba azikwerapo ndi kukhala pamwamba pa aphungu ao. Asilikali analanda boma kawiri mu 2022, caka comwe iwo analandira mphoto ya Pritzker, ndipo nkhondo ya zigawenga yatseketsa sukulu zambiri m'dzikomo. Mu May 2025, mu mzinda womwewo wa Ouagadougou, munatsegulidwa manda a cikumbutso a Thomas Sankara ndi anzace 12 amene anaphedwa naye pa 15 October 1987. Pulani yace analemba ndi Bambo Kéré, ndipo zipupa zace ndi za mwala wofiira wokumbidwa m'dziko lomwelo.