Mbiri ya Nyale, ndi Kusankha Babu la M'nyumba

Makolo athu, dzuwa likalowa, ankadalira moto wa pakati pa nyumba ndi muuni wa udzu. Pambuyo pake kunafika koloboyi wa palafini, amene utsi wake tiukumbukira ambiri a ife, pakuti unkalowa m'maso ndi kudetsa tsindwi.

Nyale ya magetsi inachokera kutali. M'chaka cha 1879, Thomas Edison wa ku America anayatsa kaulusi kopsereza m'kati mwa galasi lochotsedwa mpweya, ndipo kanawala maora oposa 13. Nayenso Joseph Swan wa ku England anali pa ntchito yomweyo m'zaka zomwezo. Kuno kwathu magetsi anawala ku Livingstonia m'chaka cha 1905, ochokera ku mphamvu ya madzi. Ndipo a ku Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba mu 1966.

Komatu babu lakalelo linali losakaza. Pa magawo 10 a mphamvu imene linkadya, pafupifupi 9 ankathera m'kutentha, ndi limodzi lokha m'kuwala. Chifukwa chake anthu anzeru sanaleke kufunafuna. Mu 1962 Nick Holonyak anapanga kanyale kofiira kopanda ulusi, kotchedwa LED. Koma kuwala koyera kunakanika kufikira Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan atapeza kanyale kobiriwira ngati thambo, kamene kuyerako kumachokerako. Mu 2014 analandira mphotho ya Nobel.

Nanga ife, abale, mbiriyi itiphunzitsa chiyani pogula? Choyamba, tisayesenso babu ndi mawati ake, pakuti iwo anena za kudya kwake, si za kuwala kwake ayi. Babu la LED la mawati 9 liwala monga lakale la mawati 60. Pa chikuto chake tiyang'ane nambala ya lumens, ikhale ngati 800. Chachiwiri, tione mtundu wa kuwalako. Lolembedwa 6500K liyera ngati usana, ndipo liyenera powerengera ana ndi posokera. Lolembedwa 2700K liwala mofiirira ngati koloboyi, ndipo likoma kuchipinda chogona.

Amene tili ndi sola yaing'ono pa denga tisamale koposa, pakuti babu losusuka limaliza batire mwana asanatsirize samu zake. Tisaumire pa tsiku logula, kuti tingalipire usiku uliwonse.