Mabuku Osunga Mbiri ya Lilongwe

Mlimi wa ku Mpingu kapena ku Nsaru akaloŵa m'Lilongwe ndi njinga yake ya makala, amaona ngati wafika kwa eni. Koma mabuku a mbiri amasonyeza kuti mzindawu unaphuka m'dziko la makolo ake omwe.

Buku loyamba kulitchula ndi Lilongwe: A Historical Study, lomwe analemba Paul Cole-King m'chaka cha 1971. Mbiri ya mzindawu imayambira kwa mfumu Njewa, imene inapempha Azungu kuti amange boma m'dera lake, ndipo pofika 1904 boma linali litakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe.

Chimene chinakuza kabomako ndi fodya. John McCracken, m'buku lake la 2012 lotchedwa A History of Malawi, akufotokoza za A. F. Barron, amene anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi m'chaka cha 1920. Posakhalitsa alimi ambiri a m'midzi anayamba kulima chikopa, misika inatsegulidwa, ndipo Amwenye anachulukitsa masitolo. Motero thukuta la anthu a kumudzi ndilo linasandutsa boma kukhala tauni m'chaka cha 1947.

Ufulu utabwera mu 1964, Dr. Kamuzu Banda anaganiza zochotsa likulu ku Zomba kuti chitukuko chifikenso chigawo cha pakati ndi cha kumpoto. Angerezi atakana kuthandiza, boma la South Africa linapereka ngongole, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Koma kumanga likulu kunali ndi mtengo wake: midzi ina inasamutsidwa, anthu nasiya minda ndi manda a makolo awo.

Wofuna kudziŵa za eni nthaka aŵerenge Mbiri ya Achewa, buku la Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1940. Iye anafunsa nkhalamba za nthaŵi yake nalemba m'chinenero cha anthu. Pa za chipembedzo cha makolo, monga kachisi wa Makewana ku Msinja ndi gule wamkulu, pali Chewa Traditional Religion la J. W. M. van Breugel.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa mabukuŵa ali m'Chingerezi, ndipo amanena zambiri za maofesi ndi misewu kusiyana ndi za midzi imene inamezedwa ndi mzinda. Mayina a madambo akale, malo a madambwe ndi nkhani za kusamuka zikadali m'mitu ya agogo a ku Kabudula, ku Namitete ndi ku Nambuma. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Mwana wasukulu amene angakhale pansi ndi agogo ake madzulo, cholembera m'manja, adzakhala atayamba buku limene Lilongwe ikusoŵa.