Kuchoka pa Bango Kufika pa Phingo: Mbiri ya Cholembera

Cholembera chili ndi malo aulemu m'Chisilamu. Ndime zoyamba kuvumbulutsidwa kwa Mtumiki Muhammad (SAW) zimachitchula, ndipo Surah ya 68 ya Qur'an idatenga dzina lake, Al-Qalam. Kwa zaka mazanamazana qalam inali bango. Mlembi ankalisema ndi mpeni, kuling'amba pang'ono kunsonga kuti inki iziyenda, kenaka n'kudula nsongayo mopendeketsa. Ku Baghdad, Ibn Muqla, amene adamwalira mu 940, adakhazikitsa muyeso wa zilembo za Chiarabu powerenga timadontho timene nsonga ya bango imasiya papepala. Motero kukongola kwa zolemba kunkayambira m'manja mwa wosema bango.

Kwathu kunyanja luso limeneli lidadza ndi Aswahili. Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira adayamba kusunga alembi odziwa zilembo za Chiarabu. Ana a m'madrasa ankalemba pa ubao, bango lili pafupi m'mbali mwa nyanja. Mwana ankaona ndi maso ake cholembera chikupangidwa, n'chifukwa chake sankachitaya chisawawa.

Zinthu zidasintha László Bíró atalembetsa bolopeni yake mu 1938, ndipo Bic Cristal itatuluka mu 1950 cholembera chidasanduka chinthu chotaya inki ikatha. Phindu lake sitingalikane, pakuti ana a amphawi adapeza cholembera pamtengo wotsika. Chimene tidataya ndi ulemu uja.

Masiku ano amisiri ena akubwezera cholembera m'manja mwa wosema, pogwiritsa ntchito makina ozungulitsa mtengo. Luso lozungulitsa mtengoli ndi lakale: chithunzi chake chili m'manda a Petosiris ku Egypt, a cha m'ma 300 BC. Amisiri a ku Cairo ankazungulitsa mtengo ndi uta wa chingwe, dzanja limodzi likukoka uta, chala cha kuphazi chikuthandiza kugwira tchizulo, ndipo mwa njira imeneyi adasema timitengo tolukana ta mazenera otchedwa mashrabiya. Wopanga cholembera amatsata njira yomweyo, ngakhale kuti magetsi adalowa m'malo mwa uta. Amadula kachidutswa ka mtengo wouma, n'kukaboola pakati m'litali mwake, kumatamo kapaipi ka mkuwa, kenaka n'kukazungulitsa akusema ndi tchizulo mpaka katawongoka. Pomaliza amakasalaza, kukapaka mafuta ndi kuikamo nsonga ndi inki. Mtengo ukakhala wauwisi umang'ambika pouma, ntchito yonse n'kupita pachabe.

Mitengo yoyenera ntchitoyi tili nayo. Mlombwa uli ndi maonekedwe ofiirira ndipo suchedwa kusalala. Phingo ndi lakuda, lolimba ndi lolemera moti limamira m'madzi. Ndi lomwe limachoka ku Tanzania ndi Mozambique kupita ku Ulaya kukapangidwa zitoliro. Koma phingo limatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti likhwime, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mkungudza wa ku Mulanje udalowa m'panganoli mu 2019, utatsala pang'ono kutheratu paphiri lake.

Apa mbiri ikutiphunzitsa kanthu. Bango limaphukanso chaka ndi chaka, pamene phingo lodulidwa lero lidzakololedwanso ndi zidzukulu zathu, ngati tabzala. Mwayi wake, cholembera chimangofuna kachidutswa kotalika ngati chikhatho, ndipo zotsala za kalipentala zimene timasonkhezera moto n'zokwanira. Mnyamata wathu akafuna kuphunzira lusoli, timulimbikitse, koma ayambire pa zotsalazo, asalowe m'nkhalango ndi nkhwangwa. Dziko ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo kuwononga adatiletsa. Tisalembe dzina Lake ndi cholembera chochokera ku mtengo wobedwa.